Nazale ya kelp ku Cape: zolemba za kutentha ndi kuwala

Sabata 1, Lolemba, kumapeto kwa Okutobala

Ndayamba kope latsopano chifukwa lakale linamwa madzi a mchere mpaka masamba kumatirirana. Ulendo uno ndizilemba m'Chichewa. Lipoti la Chingerezi ndimapereka kale kwa abwana Lachisanu lililonse, ndipo m'menemo mulibe malo olembamo kuti ndatopa kapena kuti ndalakwitsa. Komanso abale kumudzi akhala akufunsa kuti ku Cape Town ndimagwira ntchito yanji yondidzutsa mbandakucha. Yankho ndi lalifupi: ndimalera ndere. Amalume anga a ku Mangochi, omwe akalambira pa bwato, atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, sukulu yonse ija n'cholinga chokaweta ndere? Bwera kuno, zadzaza pa miyala, udzatenge zaulere."

Ndere zake si zoterera zija za pa mwala wochapira. Kelp ndi ndere zofiirira za m'nyanja ya mchere, ndipo kuno zimapanga nkhalango yeniyeni pansi pa madzi. Mtundu womwe tikugwira nawo ntchito ndi Ecklonia maxima. Anthu a kuno amaufanizira ndi nsungwi, poti thunthu lake ndi lamphako kumtunda, lodzaza mpweya, ndipo ndi lomwe limayandamitsa masamba pamwamba pa madzi. Wamkulu amapitirira mamita 10. Mizu alibe. Ali ndi chogwirira changati zala zopiringizana chomwe chimakakamira pa thanthwe, koma chakudya amayamwa ndi thupi lonse kuchokera m'madzi. Pansi pake, mu mthunzi, mumamera mnzake wamfupi, Laminaria pallida, yemwe amafika kozama kuposa iye, ndipo mukamalowera kumpoto cha ku Namibia ndiye mwini malo.

Ntchitoyi ilipo chifukwa cha ndalama, tisanamizane. Cha ku Hermanus ndi Gansbaai kuli mafamu a abalone, nkhono ya m'nyanja yomwe kuno amati perlemoen, ndipo ambiri amadyetsa ziweto zawozo masamba a kelp odulidwa m'nyanja. Ku Simon's Town amafinya kelp yemweyu n'kupanga Kelpak, mankhwala opopera mbewu kuti zigwire bwino mizu. Kudula kuli ndi malire oikidwa ndi boma, ndiye anthu ayamba kufunsa ngati n'zotheka kumulima pa zingwe, monga akuchitira ku Lüderitz ku Namibia ndi mtundu wina wotchedwa Macrocystis. Munda wotere umayambira pa nazale, ndipo gawo langa ndi lomwelo: kupeza kutentha kwa madzi ndi kuwala komwe nazale ya kelp ikufuna.

Ndakonza matanki anayi oikamo timbale, pa madigiri 10, 14, 18 ndi 22. Lililonse ndaligawa patatu ndi mapepala akuda: mbali ina nyali yofiira, ina yabuluu, ina yoyera. Nyali zimayaka maola 12, kuzima maola 12. Tsiku lonse la lero latha ndikulimbana ndi thanki la 18, lomwe lakakamira pa 19.

Sabata 1, Lachinayi

Tinapita cha ku Kommetjie, pa gombe la Atlantic kummwera kwa Cape Town, chilolezo chathu chili m'thumba la pulasitiki. Wolowa m'madzi anali bambo wina wachikulire wa ku West Coast yemwe anayamba kudula kelp ine ndisanabadwe. Yanga inali kugwira bokosi la ayezi ndi kulemba. Kumtunda dzuwa linali loswa mtengo, koma nditaviika choyezera kutentha chinaonetsa madigiri 11. Dzanja linachita dzanzi ndisanamalize kuwerenga.

Chaka changa choyamba kuno zimenezi zinandizunguza mutu. Nyanja ingazizire bwanji kwambiri nthawi yomwe kunja kukutentha? Chomwe chinandimasula ndi kukumbukira mwera. Kwathu, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mwera ukakuntha masiku angapo umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kummwera kwa nyanja madzi ozizira a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake atanyamula manyowa omwe anadikha. Kuno n'chimodzimodzi, kungoti n'zazikulu. M'chilimwe mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, ija amaitcha Cape Doctor, imawomba masiku otsatizana. Madzi a pamwamba amachoka ku gombe kulowera pakati pa Atlantic, ndipo a pansi a Benguela, mtsinje wa m'nyanja woyenda m'mbali mwa gombe lino, amakwera, ozizira ndi odzaza nitrate, chakudya cha zomera chonga cha mu feteleza. Nkhalango yonse ya kelp imadyera pa mphepo imeneyo. Mukangowoloka phiri kupita ku False Bay, makilomita ochepa chabe, mutha kupeza madzi omwe tsiku lomwelo akuyandikira madigiri 20. Nanga nyanja yathu ya Malawi, yopanda mchere, yomwe pamwamba pake pamakhala popitirira 20 chaka chonse? Kelp sangagonemo n'kamodzi komwe. Amalume andikhululukire.

Tinkafuna masamba okhwima okha, omwe ali ndi zigamba zakuda zotukuka pang'ono ngati chipsera cha moto. M'zigamba zimenezo ndimo mumapangidwa mbewu. Ku labu ndinazidula ndi lumo, kuzipukuta ndi pepala mpaka zoterera zonse zitachoka, kuziviika masekondi ochepa m'madzi a ayodini kuti tizilombo tife, kuzitsuka, kenaka kuzikulunga m'mapepala onyowa pang'ono n'kuzigoneka mufiriji. Kufota pang'ono usiku wonse mu mdima ndi komwe kumachititsa kuti mawa lake, zikakhudzanso madzi, zitaye mbewu nthawi imodzi.

Sabata 1, Lachisanu

Nditaponya zigamba zija m'madzi a m'nyanja osefa, pasanathe ola madzi anachita mbuu ngati tiyi wothira mkaka wongodontheza. Pa maikulosikopu panali piringupiringu: tinthu tosawerengeka, kalikonse ndi timichira tiwiri, tikusambira. Amenewo ndiye ma spore, mbewu zija.

Apa ndifotokoze bwino, chifukwa ntchito yonse yagona pamenepa. Chimanga ukafesa njere pamamera chimanga. Kelp satero. Spore ikamatirira pa mwala sipatuluka nsungwi ya mamita 10 ayi. Pamatuluka kaulusi koti maso sangakaone, ndipo tiulusi timeneti tilipo mitundu iwiri, tatimuna ndi tatikazi. Asayansi amati ma gametophyte, koma m'kope muno ndizingoti tiulusi. Kakakazi kamaikira dzira, kakamuna kamatulutsa umuna wosambira, ndipo zikakumana m'pamene pamayamba kambande komwe kadzakhale kelp wamkulu. Ndiye kuti mibadwo imasinthanasinthana: kholo lalitali ngati mtengo, mwana wochepa ngati fumbi, mdzukulu wamtali ngati agogo ake. Wamkuluyo ali ndi ma chromosome (tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa) awiriawiri, kaulusi kali ndi theka lake. Alendo onse obwera ku Cape amajambula zithunzi za agogowo. Ine anandilemba ntchito yolera mwana wa fumbiyo.

Ndawerenga kuchuluka kwa ma spore, ndasungunula ndi madzi ena kuti asadzathinane, ndathira m'timbale 72. Msana ukuwawa.

Sabata 2

Ambiri amera. Aliyense watulutsa kachubu ngati mzu wa nyemba yoviika. A pa 18 ndi 22 ali patsogolo, a pa 10 akuchita ngati mwana wodzutsidwa kupita kusukulu mu Juni. Ndasintha madzi ndi kuwonjezera chakudya, msuzi wa nitrate, phosphate, ayironi ndi mavitamini womwe timasakaniza tokha. Palibenso china cholemba.

Sabata 3

Sabata ino kuwala kwaonetsa mphamvu zake. Ndinaziwerenga kale m'mabuku, koma kuona ndi maso n'kwina. Pa madigiri 14, pansi pa nyali yabuluu ndi yoyera, tiulusi tatikazi tasiya kutalika. Nsonga zake zatupa, zadera, mazira ali pafupi. Tatimuna tachita tinthambi tambirimbiri topyapyala, totuwa. Mbali ya nyali yofiira, thanki lomwelo, madzi omwewo, chakudya chomwecho, kulibe dzira n'limodzi lomwe. Tiulusi tikungokula, kuchita nthambi, kupiringizana ngati thonje.

Anazitulukira ndi Klaus Lüning ndi Matthew Dring m'zaka za m'ma 1970, pogwira ntchito ndi kelp wa ku Helgoland ku Germany. Kuwala kofiira kumakwanira kuti kaulusi kadzipangire chakudya ndi kukula, koma chomwe chimakauza kuti nthawi yobereka yakwana ndi kuwala kwabuluu. Kwa ife a nazale imeneyi ndi mphatso. Nditha kusunga tiulusi m'botolo pansi pa nyali yofiira miyezi kapena zaka, kumatiduladula kuti tichuluke, ndipo tsiku lomwe ndafuna mbande ndingosintha babu. Nkhokwe yonse ya mbewu kukwana m'botolo losaposa la Sobo.

Nzeru yake m'nyanja ndimaimva motere. Pansi pa denga la masamba a makolo pali mdima, ndipo kambande kongobadwa sikangalimbe pamenepo. Kaulusi kamangokhala phee pa mwala, kudya pang'ono, kudikira. Anamondwe a mu Juni ndi Julaye akazula akuluakulu n'kuwaunjika pa mchenga, denga limabooka, kuwala kumafika pansi, ndipo pa thanthwe pomwe panaoneka mbee pamadzaza mbande ngati msipu wa pa lupsa.

Lachitatu ndinatsalira mpaka usiku. Lüning yemweyo anapeza kuti mwa kelp wa ku Ulaya mazira amatuluka mdima ukangogwa, m'mphindi zoyambirira nyali zikazima, ndipo ndinafuna kuona ngati wathu amateronso. Nyali zinazima 7 koloko. Ndinadikira theka la ola ndi tochi yofiira, n'kuika kambale pa maikulosikopu. Mazira anali panja, lililonse litakhala pakamwa pa kachikwama komwe latulukamo ngati ndimu pa botolo. Dzira likatuluka limamwaza kafungo, dzina lake lamoxirene, ndipo kakafika kwa tatimuna timatumbuka pa masekondi ochepa, umuna n'kusambira kutsata komwe fungo likuchokera. Ndinaona chigulu chikuzungulira dzira limodzi ngati ngumbi pa nyali. Basi yomaliza inandisiya, ndinalipira takisi ndalama ya ndiwo za masiku atatu, ndipo sindikudandaula.

Sabata 4

Sabata yoipa. Loweruka usiku magetsi anazima dera lonse, jenereta sinalire, ndipo ku labu kunalibe munthu mpaka Lolemba m'mawa. Magetsi anabwera Lamlungu masana, koma makina oziziritsa madzi akazima sayambanso okha, amadikira chala cha munthu. Kachipangizo kolemba kutentha kakuonetsa kuti matanki onse anakwera mpaka kufanana ndi chipinda, cha m'ma 25, ndipo anagona pamenepo kupitirira tsiku lathunthu.

Mazira ndi timbande tongobadwa ta pa 10 ndi 14 tayera, tafa. Kuyesa kwawonongeka, chifukwa thanki la 10 lomwe lagona pa 25 silingatchedwenso la 10. Chondidabwitsa n'chakuti tiulusi tambiri tapulumuka, makamaka ta mbali yofiira. Ndatisonkhanitsa m'mabotolo atatu n'kutibwezera pansi pa nyali yake. Mwana wa fumbi uja ndi wolimba kuposa ana ake omwe.

Vuto lachiwiri ndi langa ndekha. Posakaniza madzi a sabata yachiwiri ndinaiwala kuthira germanium dioxide, mankhwala oletsa ma diatom kuchulukana. Ma diatom ndi tindere tokhala m'zigoba zangati galasi, ndipo tikapeza mpata timakuta chilichonse. Timbale khumi tachita ngati dzimbiri pansi. Abwana, mayi wosachuluka mawu, anangosuzumira pa maikulosikopu n'kundifunsa kuti nyanja ichita bata liti kuti tikatengenso masamba. Akanandikalipira mwina zikanapepuka.

Tayambiranso. Tagwirizana kuti wina azibwera Loweruka ndi Lamlungu kudzayendera makina. Winayo ndi ine.

Sabata 7, pakati pa Disembala

Ulendo wachiwiri wayenda popanda chopunthwitsa, ndipo tsopano nditha kunena za kutentha. Ndikunena za mbali ya nyali yoyera.

Pa 10 zinthu zimakwawa koma zimafika. Tiulusi tatikazi timakhala ta maselo ochepa, tina selo limodzi lokha, n'kuikira dzira. Pa 14 ndiye pandikomera: mazira ambiri, nthawi imodzi, timbande tofanana msinkhu ngati bedi la fodya losamalidwa bwino. Pa 18 tinayamba msanga kuposa tonse ndipo timbande tilipo tambiri, koma ndi pomwenso alendo osaitanidwa, mabakiteriya ndi ndere zobiriwira, amathamanga kwambiri. Nkhani ili pa 22.

Timbale ta pa 22 ndi tokongola kuposa tonse. Tiulusi tachita mphonje zonenepa, zofiirira bwino, zoti munthu akuziona osavala magalasi. Kunabwera mlendo wochokera kwa omwe amapereka ndalama za ntchitoyi. Anayendera matanki onse, n'kuima pa 22, nati apa ndiye zikutheka, bwanji osangosiya kuziziritsa enawa kuti tipulumutse magetsi. Ndinamukhazika pa maikulosikopu kuti afunefune mazira. Anapeza awiri kapena atatu m'kambale konse. Nkhuku yonona yosaikira. Kutentha komwe kaulusi kamakula nako msanga n'kokwera kuposa komwe kamabereka nako bwino, ndipo woyang'ana ndi maso okha angasankhe thanki lolakwika mtima uli m'malo. Sindikumunyoza bamboyo. Ine ndemwe ndikanapanda kuwerenga mazira kambale ndi kambale ndikanalemba kuti 22 wapambana.

Chomwe chandisowetsa tulo n'chakuti m'nyanja zingachitikenso choncho. Madzi atafunda pang'ono, osafika popha chilichonse, nkhalango ingaoneke bwinobwino zaka ziwiri zitatu, akuluakulu ali chiimire, pomwe pansi palibe olowa m'malo. Woyang'ana ali pa bwato kapena pa chithunzi cha mumlengalenga adzadziwa namondwe atazula makolo, malo n'kukhala osadzazanso.

Ndipo 22 wanga ndi wachifundo kuposa 22 wa m'nyanja. Ine ndimathira chakudya chofanana m'matanki onse. Ku gombe lino kutentha ndi njala zimayendera limodzi. Madzi ozizira ndi omwe angokwera kumene ndi nitrate wake, ofunda ndi omwe akhalitsa pamwamba ndipo tindere toyandama tadya kale zonse. Kelp wa m'madzi ofunda amapuma mofulumira, kuwotcha zomwe anasunga, pa nthawi yomwe chakudya chatsopano kulibe. Ndapempha kuti ulendo wachitatu tiike timbale tina ta pa 18 ndi 22 pa chakudya chochepa. Abwana avomera maganizowo. Ndalama ya timbale towonjezera ndiye sanaitchule.

Kwina zinachitika kale. Mu 2011 madzi otentha anakhazikika masabata angapo ku gombe la Western Australia, ndipo Ecklonia radiata, msuweni wa wathuyu, anatha pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 cha ku Kalbarri. Pamalopo panamera ndere zazifupi ngati kapinga, nkhalango osabwereranso. Kum'mawa kwa Tasmania gawo loposa 90 pa 100 la nkhalango za Macrocystis linapita madzi ofunda a East Australian Current atayamba kufika kummwera kwambiri. Kumpoto kwa California, kuyambira cha mu 2014, kutentha kunakumana ndi mliri womwe unapha nyenyezi za m'nyanja zomwe zinkadya ma sea urchin, tinyama taminga ngati kanungu. Tinyamato tinachuluka n'kuseteka zotsala.

Koma kuno, pakadali pano, zikulowera kwina, ndipo ndimakangana ndi anzanga omwe amafuna ndinene kuti kelp wa ku Cape akutha. John Bolton wa ku University of Cape Town ndi anzake analemba mu 2012 kuti Ecklonia maxima wapezeka ku De Hoop, pa gombe la kummwera kwa South Africa, makilomita pafupifupi 70 kum'mawa kwa malire ake akale, ndipo anaganizira kuti madzi a m'mbali mwa gombelo akhala akuzizirako. Dziko likutentha, inde, koma pomwe mphepo ikukweza madzi a pansi kelp akadali ndi pobisala. Mphepoyo ikadzasintha khalidwe ndiye tidzakamba zina.

Sabata 10, kumayambiriro kwa Januwale

Tasamuka m'timbale kupita pa twaini. Masabata anayi apitawo ndinakulunga twaini woonda pa mapaipi 12 a pulasitiki, ndinatenga tiulusi ta m'mabotolo ofiira aja, topulumuka ngozi ya magetsi, kutipera pang'ono, kutithira pa mapaipi, n'kuika pa 14 pansi pa nyali yoyera. Lero mapaipi achita ubweya wofiirira, ndipo ukayang'anitsitsa ukuona timasamba ngati ta mpiru wongomera.

Pano kuwala kwasanduka nkhani ina. Kaulusi kamakhuta ndi kuwala kochepa, kongati kwa m'nyumba ya udzu masana. Kambande kakamakula kamafuna kochulukirapo, koma ukawonjezera mwadzidzidzi kamapserera. Mtundu wofiirira uja umachokera ku utoto wotchedwa fucoxanthin, womwe umagwira kuwala kwabuluu ndi kobiriwira, komwe kumalowa kozama kofiira kutatsalira m'mamita ochepa a pamwamba. Chomera chopangidwa kuti chizitola kuwala kochepa chikapatsidwa kochuluka chimathobwa. Paipi imodzi yomwe inali chakuzenera yayera mbali imodzi. Tsopano ndimakweza mphamvu ya nyali pang'ono sabata iliyonse, ndipo m'mawa uliwonse ndimatembenuza mapaipi ngati wowotcha chimanga pa mbaula.

Ndinayesa kusamutsira mapaipi awiri ku 22. Masiku asanu, nsonga zayera ndi kunyenyeka. Ku Qingdao ku China anakumana ndi vuto lomweli m'zaka za m'ma 1950, poti madzi a m'chilimwe kumeneko amamutenthera kelp wochokera ku Japan yemwe ankafuna kulima. C. K. Tseng ndi anzake anayamba kulera mbande m'nyumba za madzi oziziritsidwa nyengo yonse yotentha n'kuzitulutsa nyanja ikazizira, ndipo lero China ndi yomwe imalima kelp wochuluka kuposa dziko lina lililonse. Ife tikupunthwa pa chitsa chomwe iwo anachizula agogo anga ali mnyamata.

Sabata 11

Tatulutsa. Tinakulunga twaini pa zingwe zazikulu ziwiri n'kuzimangirira ku Saldanha Bay, kumpoto kwa Cape Town, kufupi ndi zoyandama za alimi a mussel, nkhono za zigoba ziwiri, china pa kuya kwa mamita 2, china pa mamita 6. Ndinanena Lachisanu kuti nthawi si yabwino, koma omwe amapereka ndalama akufuna chithunzi cha chingwe chili m'madzi mwezi uno usanathe. Nthawi ino ya chaka madzi a Saldanha amagawikana ngati mafuta ndi madzi. Pamwamba ndi ofunda ndi owala, pansi ndi ozizira ndi achakudya koma amdima chifukwa cha tindere toyandama. Mu labu kutentha ndi kuwala ndi mabatani awiri, lililonse nditha kulipotokola palokha. Kuno zamangidwa pa chingwe chimodzi. Ukakweza wapeza kuwala, wataya kuzizira. Ukatsitsa wapeza kuzizira, wataya kuwala.

Sabata 12

Tinabwerera ku Kommetjie ndi bambo wachikulire uja kukaona mabowo omwe tinaboola mu Disembala pa masamba a kelp wa m'nyanja. Tsamba limakulira kutsinde pomwe nsonga ikudyeka ndi mafunde, ndiye kuyeza utali wake sikukuuza zoona. Timaboola kabowo pafupi ndi tsinde n'kudzayeza kuti kayenda mtunda wanji kulowera kunsonga, ngati dontho loyera pa chikhadabo. Mabowo onse ayenda bwino, ena atsala pang'ono kugwera kunja. Dzuwa lalitali ndi madzi a 11, kelp wa pamenepa akudya ndi manja awiri. Bamboyo anandifunsa za zingwe za ku Saldanha, ndipo nditamuuza kuya kwake anangopukusa mutu n'kupitiriza kuvula zovala zake za m'madzi.

Sabata 15, pakati pa Febuluwale

Takoka zingwe. Cha pa mamita 2 chapita. Timasamba tayera, totsala takutidwa ndi ndere zobiriwira ndi tinkhono tating'ono, ndipo kachipangizo kolemba kutentha kakuonetsa kuti masiku omwe mphepo inagona madzi anapitirira 20. Cha pa mamita 6 chili moyo. Masamba ndi akuda bwino, olimba, ena aatali ngati chala, ochepa ngati chikhatho. Akukula mwaulesi, koma akukula, ndipo zogwirira zake zaluma chingwe moti kuchotsa kumafuna mpeni.

Madzulo ndinaimbira amalume. "Amalume, za pamwamba zapsa, za pansi zapulumuka." Anakhala chete pang'ono, kumbuyo kukumveka ana ndi mafunde. "Nanga iwe umati zitani? Ndani amawokera mbande mu Okutobala dzuwa lili pamutu? Dikira nyengo yake." Ndinawauza kuti ndi zomwe ndinalemba mu lipoti, kungoti ine zinanditengera masamba asanu ndi limodzi.

Tagwirizana ndi abwana motere. Nazale ikhala pa 14, osati 18, ngakhale 18 imafulumira, chifukwa masiku ochepa omwe timapindula timawabweza potsuka zinyalala. Thanki la 22 litsala la kuyesa kwa chakudya chochepa kokha. Kutulutsa kwachiwiri kudzachitika kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, madzi a pamwamba akazizira ndi kusakanikirana ndi a pansi, ndipo zingwe zidzakhala zitatu, pa mamita 2, 4 ndi 6, chifukwa ndikukayika kuti dzinja la kuno, la masiku aafupi ndi madzi amatope, lidzasiyira cha pa 6 kuwala kokwanira. Ndikawerenga masabata asanu ndi limodzi chobwerera, mabotolo ayenera kuchoka pa nyali yofiira pakati pa Malichi.

Mpaka pamenepo ntchito ndi yosunga. Mabotolo tsopano alipo asanu ndi awiri, ndipo ndayamba kupatula tatimuna ndi tatikazi m'mabotolo osiyana kuti tisadzakwatirane ine ndisanakonzeke, poti kuwala koyera kumalowa pang'ono nthawi zonse wina akatsegula chitseko. Kupatulako ndi kwa singano ndi maikulosikopu, kaulusi kamodzikamodzi, ndipo lero ndakwanitsa makumi atatu maso asanayambe kulira. Babu limodzi lofiira layamba kuphethira. Lolemba ndidzera kusitolo ndisanafike ku labu.